Zidindo Makumi Atatu ndi Chimodzi za Bambo Makwinja

MGWIRIZANO WA OGAYA MATAYALA WA KU KATLEHONG
Lachinayi, 13 Malichi 2025

Kwa Mayi Maness Makwinja, kwa ana awo a Chitsanzo ndi a Angela, kwa abale onse a kwa Makwinja kuno ku Joni ndi kumudzi ku Phalombe, komanso kwa anthu onse a ku Katlehong amene amayenda pa Msewu wa Matayala.

Ife a Mgwirizano wa Ogaya Matayala tagwidwa ndi chisoni chosaneneka, ndipo mpaka lero tidakali kakasi, chifukwa cha imfa ya Bambo Zakaria Makwinja, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe lathu, amene anatisiya m'mawa wa Lamulungu pa 9 Malichi ali m'chipatala, ali ndi zaka 67, atalimbana nthawi yaitali ndi chifuwa chimene anachitenga m'migodi. Kuti akudwala tinkadziwa, pakuti kutsokomola kwawo kunkafika pabwalo lathu la ntchito iwo eni asanatulukire pageti. Koma munthu akatsokomola zaka makumi awiri osajomba ntchito ngakhale tsiku limodzi, anzake mumayamba kuganiza kuti iye ndi chifuwacho anamvana kalekale. Tinkadzinamiza, ndipo lero mpando wawo wa pafupi ndi makina ogayira uli wokhawokha.

Uthenga ngati uno umayenera kukhala wa mawu ofewa okhaokha, ndipo tikupempha anamfedwa atikhululukire poona kuti ena mwa mawu athu ndi olimba. Bambo Makwinja amwalira atasenzetsedwa mlandu umene sanaupalamule. Pali kalata imene ikunena kuti iwo, pamodzi ndi bungwe limene analimanga, ndiwo anawonongetsa msewu wa m'dera lathu. Ndipo Lolemba likubwerali makina akuyembekezeka kudzapala msewu wonsewo, kuchotseratu umboni wokhawo umene munthu wosayankhulanso anatisiyira. Tikangolira ndi kuimba nyimbo n'kubalalika, dzina lawo liikidwa m'manda lili ndi matope. Zimenezo sitilola.

Bambo Makwinja anafika ku Joni mu 1979 ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, pa gulu la olembedwa ntchito ya m'migodi ya golide, ndipo anagwira pansi pa nthaka ya East Rand zaka zoposa makumi awiri, mpaka anakhala mtsogoleri wa amene amalowa patsogolo kukaona ngati denga la mwala lili bwino. Anzawo atabwezedwa kumudzi iwo anatsala, kotero kuti kwawo ankawatchula tchona pamene kuno ena ankawatchula mayina amene sitingawalembe m'kalata yaulemu. Mgodi utatsekedwa analowa ntchito ya misewu, nayamba ndi fosholo, ndipo pa zaka khumi analiphunzira phula mpaka ankalizindikira ndi fungo lomwe. Mu 2012, pamodzi ndi anzawo asanu ndi mmodzi, anayambitsa bungwe lino ali ndi ngolo imodzi yokha yokoka pamanja, akutola matayala akutha m'madambo, kuseri kwa magalaja a ku Alberton ndi m'mbali mwa njanji. Pomwalira iwo tinali mamembala makumi anayi ndi atatu, Amalawi, a ku Zambia, Azulu ndi Asuthu. Tili ndi makina odulira, makina ogayira ndi maginito ochotsera waya. Ndipo zotuluka m'manja mwathu zili m'misewu isanu ndi inayi ya mu Ekurhuleni. Ndiwo anatiphunzitsa tonse ntchito imeneyi, ndiwonso anaumirira kuti aliyense azivala chophimba pamphuno pogaya, ponena kuti chifuwa chimodzi n'chokwanira pa bungwe lonse.

Amene analipo kuno mu 2008, pa nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo, akudziwa chimene tayala limatanthauza kwa mlendo m'makomboni muno, ndipo sitikufuna kuchibwereza pa nthawi ya maliro. Bambo Makwinja anabisala ndi banja lawo m'holo ya tchalitchi kwa milungu iwiri, ndipo mabasi opita kumudzi atabwera iwo sanakwere. Mayi Makwinja, amene anali atamanga kale katundu, anawafunsa chimene akutsalira.

"Amake Chitsanzo," anayankha motero, "ine ndinakumba pansi pa tauni ino zaka makumi awiri. Pamwamba pake ndiyendapo basi."

Kuchokera nthawi imeneyo sankatha kulidutsa tayala lotayidwa osalitola, ngakhale atavala suti ya kutchalitchi. Ankanena kuti lililonse limene alikweza pangolo ndi limodzi limene silidzayaka, kaya pamsewu, kaya pa munthu.

Kwa amene sadziwa ntchito yathu tifotokoze pang'ono, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Tayala timalidula, timaligaya mpaka lifanane ndi misere ya chimanga, timachotsamo waya ndi ulusi, ndipo misere ya mphira imeneyi amakaisakaniza ndi phula lowira kufakitale. Phula lotere limamanga msewu wosang'aluka msanga, wopirira dzuwa ndi mvula yomwe, koma lili ndi khalidwe limodzi lovuta: silifuna kudikira munthu. Liyenera kuthiridwa ndi kutsenderedwa lidakali lotentha kwambiri, kuposa phula wamba. Likangozizira, chimakina chotsendera chimangoyenda pamwamba, miyala siigwirana mkati, ndipo msewu umaoneka wokongola pa tsiku lodula riboni pamene mvula yoyamba ikungodikira kuti ilowe.

Mu 2023 tinamva kuti msewu wa m'dera lathu lomwe, wochokera pa renki ya matakisi kukafika pachipatala chaching'ono, umene lero anthu amautcha Msewu wa Matayala, uikidwa phula la misere yathu. Chimwemwe chimene chinali pabwalo lathu tsiku limenelo sitingachilembe. Kampani imene inapatsidwa ntchitoyo, imene dzina lake tikulisunga mpaka tsiku lokamba mlandu, inalemba ena mwa ife kuti tizigwira fosholo, ndipo inavomera kuti Bambo Makwinja ndiwo aziyeza kutentha kwa phula la mu lole iliyonse. Lole ikafika iwo ankakwera pang'onopang'ono, kubaya phula ndi choyezera, kuyang'anitsitsa atasisinira diso limodzi, kenako n'kugwedeza mutu. Phulalo likathiridwa ndi kutsenderedwa, ankapita m'mphepete mwa msewu, dzanja lamanzere, natulutsa m'chikwama kachitsulo kamene anawotchererapo okha nambala 614, nambala yawo ya kumgodi, nakaponda ndi jombo mpaka katalowa. Ife tinkangoti ndi zochita za anthu akuluakulu. Ine amene ndikulemba pano, Wezzie Chavula, wapampando wa bungwe lino, ndinali woyamba kuwaseka.

"A madala, kodi mwalowa ntchito ku Home Affairs? Mukudinda pasipoti ya msewu?"

"Eya achemwali, ndikuupatsa pemiti," anatero akupukuta kachitsulo kaja. "Wopanda pemiti ameneyo si wanga."

Tinaseka chikhakhali n'kubwerera ku mafosholo athu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti amadinda liti ndipo sadinda liti. Kumeneko ndiko kulakwa kwathu koyamba.

Tsiku lomaliza la ntchito linali Lachitatu, m'Julaye, mphepo yachisanu ikudula makutu. Malole asanu ndi imodzi amene ankayenera kufika m'mawa anafika cha m'ma 3 koloko masana, atakhala maola anayi pamzere pa msewu waukulu, ena opanda ngakhale lona pamwamba. Bambo Makwinja anabaya lole yoyamba, anabaya yachiwiri, anabaya onse mpaka yomaliza, ndipo choyezera chimene chinkayenera kupitirira madigiri 150 chinakana kuchoka pa 110. Lachisanu lake kunali kudula riboni, ndipo tenti ya akuluakulu inali itakhomedwa kale pageti la chipatala. Anatsika pa lole yomalizayo nakaima kutsogolo kwa makina othirira.

"Aikona," anatero m'Chifanakalo cha kumgodi, chimene ankachitulutsa pokhapokha akapsa mtima. "Lo tiyela yena makhaza. Phula ili lazizira. Libwerere komwe lachokera."

"Suka endleleni, madala!" anakuwa kapitawo wa kampaniyo, kuwauza m'Chizulu kuti achoke panjira. Anawonjezera kuti Lachisanu silidikira nkhalamba, ndipo ngati ntchito yawatopetsa, mabasi a ku Malawi amanyamuka tsiku lililonse.

Bambo Makwinja anatemetsa nkhwangwa pamwala, mpaka alonda awiri anachita kuwagwira m'mikono n'kuwakokera pambali, munthu wa zaka 65, anthu onse akuona. Sanalimbane nawo. Anatola chipewa chawo, anatenga kachitsulo kaja, anakakulunga m'kansalu, anakaika m'chikwama, kenako anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, mwaona ndi maso anu. Kuyambira pano kukafika pageti la chipatala, si msewu wanga. Sindidzaupondapo."

Atatero ananyamuka n'kumapita. Ndipo apa tiyenera kunena chinthu chimene chikutiwawa kuchilemba, pamaso pa anamfedwa ndi pamaso pa anthu onse: phula lozizira lija tinalithira ndife. Tinaopa kuchotsedwa ntchito, tinagwira mafosholo, tinaliyala, ndipo Lachisanu tinawomba nawo m'manja. Sitinalembe kalata, sitinakadandaule kulikonse. Munthu mmodzi yekha ndiye anakana tsiku limenelo, ndipo ndi yemweyo amene lero akumuloza chala.

Mawu awo anawasunga mpaka ena ankawanena kuti ndi ouma mutu. Tchalitchi chawo chili kuseri kwa chipatalacho, ndipo njira yachidule ndi msewu womwewo. Koma Lamulungu lililonse, kwa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, akafika pamalo pamene anakokedwa m'mikono paja ankakhotera kumanzere, n'kulowa kanjira kafumbi ka kuseri kwa nyumba, kodzaza ndi agalu ndi madzi a m'mabafa, kamene kamawonjezera mphindi khumi ndi zisanu pa ulendo. Ngakhale popita kukatenga mankhwala a chifuwa chawo ankazungulira komweko n'kukalowera geti lakumbuyo. Mayi Makwinja, amene ankayenda pambuyo pawo akumva mmene mpweya ukuwavutira, anatopa nazo.

"Bambo a Chitsanzo, mpweya mulibe, mukuzunguliranji? Msewuwu sukudziwa n'komwe kuti munaukwiyira."

"Ine ndikudziwa," anayankha, osacheuka.

Mvula ya zaka ziwiri inachita zimene iwo ananena. Mbali yomaliza ija inayamba kufumbutuka, miyala ikutuluka umodziumodzi, mpaka panatseguka maenje oti ambulansi imachita kuyenda ngati yanyamula mazira. Mbali ina yonse, kuchokera pa renki, ili myaa mpaka lero, yopanda ndi mng'alu womwe. Mwezi wathawu kampani ija inalembera akuluakulu oyang'anira misewu, ife n'kutipatsako kope. Kalatayo ikuti misere yathu inali yonyowa ndiponso ya waya. Ikuti munthu woyeza kutentha anavomereza malole onse, kenako anachoka pantchito isanathe, mwina chifukwa cha ukalamba. Ikuti matendawo ali m'phula lonse, choncho msewu wonse upalidwe kuyambira pa 17 Malichi n'kuikapo phula wamba, ndipo bungwe lathu lichotsedwe pa mndandanda wa opereka misere. Kalata yaulemu kwambiri, yachingerezi chosalala, ndipo bodza lokhalokha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kalatayo ndinaisunga m'chikwama milungu iwiri, poopa kuionetsa munthu amene anali atagonekedwa kale. Loweruka masana, titapita kukawaona ndi Mayi Makwinja, anandiyang'ana kanthawi n'kundifunsa chimene ndikubisa, popeza sindinali kuwaseka monga mwa masiku onse. Ndinawawerengera. Ndinkayembekeza kuti akwiya, koma iwo anangokankhira pambali chipangizo chopumira n'kuitana akazi awo ndi dzanja.

"Amake Chitsanzo... tsache. Kumanzere... mukachoka pa renki. Mukasese."

Tinayang'anana, tonse tikuganiza kuti ndi matenda akuyankhula. Mayi Makwinja anawabwezera chopumira chija n'kuwauza kuti apume, asesa. M'mawa mwake anatisiya.

Lolemba, Mayi Makwinja ali pamphasa m'nyumba ya siwa, atazunguliridwa ndi amayi a mvano, anaitanitsa chikwama cha ntchito cha amuna awo kuti afunemo chiphaso chimene a kuchipatala ankachifuna. Dzanja lawo linakhudza kansalu kolemera. Atamasula anapeza kachitsulo kaja, phula louma lidakali m'mbali mwa manambala, ndipo pomwepo anakumbukira nkhani imene amuna awo ankawauza adakali ongokwatirana kumene. Kumgodi, m'mawa uliwonse anthu asanalowe, Bambo Makwinja ankapita patsogolo ndi chitsulo chachitali, kugogoda denga la mwala n'kumvetsera. Mwala wolimba umalira mwina, wofuna kugwa umalira mwina. Pamene pali bwino ankalembapo 614 ndi choko, ndipo anthu a gulu lawo ankadziwa lamulo limodzi lokha: pamene palibe nambala, usalowepo. Pa zaka zonse zija palibe munthu wa gulu lawo amene anaphwanyidwa ndi mwala. Mayi Makwinja anakhala atagwira kachitsuloko m'manja mpaka amayi ena anayamba kunong'onezana.

Lachiwiri m'mawa anadzuka pamphasa, anamanga chitenje, anatenga tsache kuseri kwa chitseko n'kutuluka. Tonse tikudziwa mwambo wathu: mkazi wamasiye sachoka pasiwa mwamuna wake asanaikidwe, ndipo za tsache zimabwera maliro atatha. Mayi Dorah Tembo, mtsogoleri wa amayi a mvano, anawathamangira n'kuwapeza atawerama kale pafupi ndi renki.

"Amayi, amuna anu sanaikidwe, inu muli pamsewu ndi tsache? Anthu ati chiyani? Tiyeni kunyumba, chonde."

"Anthu anena kale, amayi, mpaka kulemba ndi kalata yomwe. Ndisiyeni ndisese."

M'mphepete mwa msewumo munali mchenga umene mvula ya zaka ziwiri inakokolola kuchokera m'tinjira tafumbi, wosakanikirana ndi zotsekera mabotolo ndi mapepala. Oyendetsa matakisi ankaliza mahutala, ena akupukusa mitu poganiza kuti chisoni chawasokoneza mayiwo. Iwo sanadzutse mutu. Atasesa mapazi ngati makumi atatu, tsache linakodwa pa kanthu. Anagwada, anapukuta ndi chikhatho, ndipo 614 inali pomwepo, yozama moti chala chinalowa mpaka pa mfundo yoyamba. Sanalire. Anayang'ana Mayi Tembo, anadzuka, napitiriza kusesa.

Mayi Tembo anabwerera kusiwa, ndipo amene anawaona akulowa ankaganiza kuti akukaitana azibambo kuti adzawagwire amasiyewo. Anatuluka ndi amayi khumi ndi awiri, aliyense tsache lake m'manja, ena atabwereka kwa oyandikana nawo. Uthenga utatipeza pabwalo la ntchito tinazimitsa makina n'kuthamangira komweko. Pofika 4 koloko masana zidindo makumi atatu ndi chimodzi zinali poyera, chimodzi pa lole iliyonse, zitandandalika kuchokera pa renki ngati mabatani a malaya. Kupitirira chomaliza panalibenso kanthu. Amayi aja anasesa mpaka pageti la chipatala, anabwerera, anasesanso kachiwiri, osapeza ndi chimodzi chomwe. Dzenje loyamba la msewuwo likuyambira mapazi anayi kuchokera pa chidindo chomaliza, ndipo chidindocho chili pakamwa penipeni pa kanjira kafumbi kaja. Pamenepo m'pamene Mayi Makwinja anakhala pansi pa phula n'kulira amuna awo, ndipo tonse tinalira nawo.

Kwa amene akunena kuti Mayi Makwinja anaphwanya mwambo, ife tikuti awasiye. Anachita chimene amuna awo anawatuma ndi mpweya wawo womaliza, ndipo anachita m'tsiku limodzi chimene ife, bungwe lathunthu lokhala ndi wapampando ndi mlembi, tinalephera kuchita m'milungu iwiri. Ngati pali woyenera kuchita manyazi pa nkhani imeneyi, si iwowo ayi.

Tsopano tiyankhule ndi olemba kalata aja, mwaulemu umene iwo sanaupereke kwa malemu. Chitsulo sichilowa m'phula lozizira. Amene akukayika abwere ndi nyundo yake adzayese. Chidindo chilichonse chozama chimene chili pamsewupo chikuchitira umboni kuti lole imeneyo inathiridwa yotentha, ndi kuti munthu amene mukumuti anakalamba anali maso. Misere imene inalowa m'malole makumi atatu ndi imodzi oyamba ndi yomweyo imene inalowa m'malole asanu ndi imodzi omaliza, yogayidwa tsiku limodzi, yotuluka m'matumba amodzimodzi. Ngati inali yonyowa ndi ya waya, mutiuze chifukwa chake inasankha kudwala pokhapokha pamene palibe nambala 614. Mwalemba kuti anavomereza malole onse. Iwo analemba yankho lawo pamsewu chaka ndi theka inu musanagwire cholembera. Ndipo ife amene tinagwira mafosholo tsiku lija, amene tinakhala chete nthawi yonseyi, tili okonzeka kuima pamaso pa aliyense n'kunena zimene tinaona, ngakhale zitanthauze kudziulula tokha.

Tikupempha akuluakulu oyang'anira misewu kuti atumize akatswiri awo Loweruka lino nthawi ya 9 koloko m'mawa pa renki ya matakisi, adzayende nafe pambuyo pa bokosi, adzaone ndi maso awo, ndipo pambuyo pake adzaboole msewuwo mbali zonse ziwiri za chidindo chomaliza n'kukayeza zimene apeze. Kufikira zimenezo zitachitika, makina asakhudze msewu umenewu. Kalata ija ibwezedwe, ndipo mawu oibwezawo alembedwe n'kuperekedwa m'manja mwa Mayi Makwinja, osati kutumizidwa pa foni. Makina akabwerabe Lolemba, adzapeza munthu atakhala pampando pambali pa chidindo chilichonse, anthu makumi atatu ndi mmodzi, ndipo khumi ndi mmodzi otsalawo azidzabweretsa tiyi ndi kulandira otopa. Sitidzaponya mwala, sitidzatsekera njira ambulansi, ndipo sitidzawotcha tayala ngakhale limodzi. Achinyamata a m'dera lino amene atiuza kale kuti ali ndi matayala okonzeka kutithandiza nawo, tikuwathokoza kwambiri. Awabweretse pabwalo lathu, tidzawagaye.

Ena atilangiza kuti alendo sayenera kukweza mawu m'dziko la eni, kuti tingodekha, zidutsa. Tamva, ndipo tikudziwa kuti akunena chifukwa chotifunira zabwino. Koma munthu amene anapereka mapapo ake pansi pa tauni ino, amene anayeretsa madambo ake, amene anamanga msewu umene ana a Azulu, a Asuthu ndi a Amalawi amayendapo popita kuchipatala, sitikuona kuti angakhale mlendo pa msewu umenewo. Tinakhalapo chete kamodzi, pa Lachitatu la m'Julaye, ndipo zotsatira zake tikuziona tsiku lililonse pageti la chipatala.

Kwa abale a ku Phalombe, amene mumayembekeza kulandira thupi la mbale wanu, tikupepesa ndi mtima wonse. Kugona kuno kunali kufuna kwa iwo eni, ndipo anakunena kangapo pamaso pa akazi awo ndi ana awo. Musawaone ngati munthu amene anaiwala kwawo, pakuti pabwalo lathu palibe amene sadziwa dzina la phiri la kwanu ndi kukoma kwa nandolo wa kumeneko, ngakhale Asuthu amene sanafikeko. Kwa inu a Chitsanzo ndi a Angela, bambo anu sanakusiyireni nyumba yosanja kapena galimoto, koma mukhoza kuyenda pa Katlehong yense mutadzutsa mutu, ndipo ife tionetsetsa kuti zikhale choncho.

Mwambo wa maliro udzayambira pa renki ya matakisi Loweruka pa 15 Malichi. Galimoto ya maliro idzatsogola yokha kukatidikira kutchalitchi, chifukwa bokosi tidzalinyamula pamapewa, tikulandizana, mamembala onse pamodzi ndi aliyense wofuna. Mayi Makwinja adzayenda patsogolo atanyamula kachitsulo kaja m'malo mwa nkhata ya maluwa, ndipo anena okha kuti sikalowa m'manda. Akasunga mpaka tsiku limene dzina la amuna awo lidzayeretsedwe. Tidzayenda kumanzere kwa msewu, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone manambala. Tikafika pa chidindo chomaliza tidzaima. Kutsogoloko malemu sanapondeko ali moyo, ndipo ife sitidzawadutsitsako atagona.

M'malo mwa mamembala onse makumi anayi ndi awiri amene tatsala, m'malo mwa mabanja athu, ndi m'malo mwanga ine amene ndinkawaseka, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Mayi Makwinja, kwa ana, kwa zidzukulu ndi kwa abale onse. Mulungu amene anawasunga pansi pa mwala zaka makumi awiri awalandire ndi kuwapumitsa, kumene mpweya suvutanso. Ndipo inu akupatseni mphamvu yofanana ndi imene munatuluka nayo Lachiwiri m'mawa. Chisoni chanu sitingachichotse, koma simudzachisenza nokha. Kanjira kafumbi kaja, ka agalu ndi madzi a m'mabafa, kamene munkayendamo pambuyo pawo mukudandaula za mphindi khumi ndi zisanu, Loweruka tidzakhotera momwemo tonse, amuna anu ali pamapewa athu.

Ine wanu m'chisoni,

Wezzie Chavula
Wapampando
Mgwirizano wa Ogaya Matayala wa ku Katlehong